Pakati pa Chipata

M'banja lonse, wojambula anali amake mapasa. Pa ukwati, pa tsiku lobadwa, foni inkathera m'manja mwawo, ndipo m'zithunzi zonse za m'nyumbamo munkaoneka chala chawo chokha, pakona. Sankadandaula, mpaka pamene mkulu wawo anamwalira, anthu n'kusowa chithunzi choika pabokosi. Anakuza cha pa chiphaso, chija munthu amaoneka ngati wagwidwa akuba nkhuku. Zinawawawa kwambiri amake mapasa.

Ndiye pofika mumzinda wina wakale kudzaona malo, anali atatsimikiza kale mumtima. Tsiku lonse anayenda m'timisewu tamiyala atanyamula majuzi a ana, botolo la madzi ndi mankhwala a apongozi. Anajambula amuna awo atatsamira mzinga wankhondo wadzimbiri. Anajambula apongozi pa chitsime chouma. Wotsogolera alendo, mayi wa ambulera yofiira, ankangokusa gulu ngati mbuzi.

Pa chipata chotulukira, basi ili pafupi kunyamuka, bambo anafola ndi ana mwachizolowezi.

"Amake mapasa, tatijambulani msanga."

Iwo anatula katundu yense pansi n'kukaima pakati penipeni pa chipatacho.

"Lero mujambula ine. Ndekha."

"Aa, nthawi yatha. Tikakujambulani kunyumba."

"Kunyumba kuli chipata?"

Alendo anayamba kuunjikana kumbuyo, poti akale anamanga chipatacho poganizira munthu mmodzi ndi bulu wake basi. Wa ambulera anabwera ali wefuwefu.

"Mayi, mwatseka njira!"

"Si mwanena nokha kuti chipatachi chinatsekereza adani zaka zambirimbiri? Sichigwa chifukwa cha ine."

Bambo anatenga foni, kuigwira ngati mbale yotentha, n'kudina. Amake mapasa anabwera kudzaona. Miyala inatuluka bwino kwabasi, nsapato zawo nazonso. Mutu panalibe.

Basi inaliza hutala. Mapasa anayang'ana kumbali ngati mayiwo sakuwadziwa. Apongozi ananong'ona kuti, "Mwananga, mukutichititsa manyazi pagulu."

Amake mapasa manyazi anawamvadi. Komabe anabwerera pakati pa chipata, anakonza kolala ya bulauzi, anapukuta thukuta pamphuno, n'kudzutsa chibwano.

"Basiyo ipite ngati ikufuna. Jambulaninso, bambo. Ndipo mutu ukhalepo."