Mapasa m'Khadi Limodzi

"Ndiitanireni Kachala!" anafuula adokotala ali pakhomo. "Ndikufuna mayina a ana onse amene sanalandire katemera wachiwiri wa chikuku. Galimoto ikawatsata mawa m'mawa."

Mayi Makhadi anali atanyamuka kale pampando. Anakhalanso pansi. Zaka makumi awiri pachipatalapo ankaitanidwa iwo, ndipo makhadi a ana onse anawalowetsa m'kompyuta ndi manja awo, limodzilimodzi. Tsopano woitanidwa anali Kachala, mwana wa mchimwene wawo, yemwe iwo omwe anamupezera ntchitoyo.

"Azakhali, taonani," anatero Kachala, zala zili waliwali pakompyuta. "Sinditsegula khadi lililonse ayi. Ndangoifunsa kompyuta funso limodzi: ana opitirira miyezi khumi ndi isanu amene bokosi lawo la katemera lili lopanda kanthu. Ndinaikonzeranso kalozera wa masiku obadwa, ndiye siyendanso khomo ndi khomo."

Madzi a tiyi asanawire, pepala linali litatuluka.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa!" anaseka anesi. "Mayi Makhadi, ntchito imeneyi si ija inkakutherani sabata yathunthu? Kaguleni mkeka muzipuma."

"Kalumo kakuthwa kamachekanso mwini wake," anayankha Mayi Makhadi, akulanda pepalalo.

Anayendetsa chala pamayinawo, ndipo mtima wawo unachita kuvina. Mwana walakwitsa! Kuyambira kale, mapasa iwo ankawalemba m'khadi limodzi, woyamba pamwamba, wachiwiri m'kabokosi ka m'munsi, poti mayi wake ndi mmodzi. Funso la Kachala linkangowerenga pamwamba. Woyamba akabayidwa, wachiwiri ankaoneka ngati kulibe.

Anabweza pepalalo osaulula cholakwikacho. Adokotala adzazitulukira okha, ndipo adzadziwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Masana Kachala anawabweretsera tiyi.

"Azakhali, mwandikwiyira?"

"Ndikwiyirenji? Matewera ako ndinachapa ine."

Koma tiyiyo sanatsike. Ankangoona kamwana ka atelala a kuseri kwa msika, kachiwiri ka mapasa. Tsiku la katemera kanali kotentha thupi, ndipo anali iwo amene anauza mayi wake kuti, "Pitani nako, tidzakutsatani." Dzina lake papepalapo panalibe.

Nthawi yoweruka itakwana, dalaivala anabwera kudzatenga pepala lija. Mayi Makhadi ananyamula chikwama, nafika pakhomo, naima.

"Iwe, bweretsa pepalalo kuno. Kachala, tsegula khadi la mwana wa atelala. Tsika m'munsi. Tsikabe. Waona?"

Kachala anagwira pakamwa. "Muli wina! Azakhali, nanga bwanji munawaika awiri m'khadi limodzi?"

"M'mimba anakhalamo angati? Usandifunse zambiri, konza."

Kachala analemba funso lina, louza kompyuta kuti khadi lililonse la mapasa iligawe pawiri, mwana aliyense akhale ndi mzere wake, kenako iwerengenso. Panatuluka mayina ena asanu ndi anayi. Mayi Makhadi anawawerenga mokweza, akutchula mayi wa aliyense ndi njira ya kwawo. Zimenezo kompyuta sinkazidziwa, ndipo anaonetsetsa kuti dalaivala wamva.

Adokotala anasuzumira, chikwama chili kale paphewa.

"Ana ena asanu ndi anayi? Kachala, mutu wako ndi wagolide!"

"Si ine, ndi azakhali amene..."

Koma chitseko chinali chitatsekeka kale.

Mayi Makhadi anayang'ana chitsekocho. Kenako anakokera mpando wawo pafupi ndi wa Kachala, natulutsa magalasi m'chikwama.

"Sendera uko. Funso lakolo, yambira poyamba, pang'onopang'ono. Ndipo anesi aja ukawauza kuti ukundiphunzitsa, kwanu ndikubweza ndine."