Kadontho Kofiira pa Beyaring'i

Milungu itatu inatha a Bartol, dokotala wa mano uja, asanapepese mwana wanga Dinko. Za ndalama ayi, zimenezo ine ndimalandiriratu ntchito isanayambe. Ndinkafuna mawu a pakamwa pawo, pamalo pomwe anamunyozera.

Galaja yathu ili pafupi ndi bwalo lothamangitsirapo magalimoto la Grobnik. Dinko amagwira sipanala, ine ndimagula zipangizo ndi kukangana za mitengo. Sukulu sindinapite nayo patali, zolembalemba sindizifuna. Chitsulo chilichonse chimene Dinko waika pagalimoto ndimachidontheza kyutekisi wofiira. Aliyense pabwalopo amadziwa kadontho kanga, ka Ruža.

Tsiku lomwe a Bartol anabweretsa galimoto lawo lachikasu la mipando iwiri, Dinko analikweza pajeke, n'kugwedeza magudumu akutsogolo. Anati mabeyaring'i onse awiri, zitsulo zomwe magudumuwo amazungulirapo, asinthidwe.

"Awiri? Galimotoli ndi ladzana lomweli!"

"Mukanamangoyendera kuntchito akanakhala zaka, adokotala," anatero Dinko. "Koma pabwalo mabuleki amatentha mpaka girisi kusungunuka ngati batala. Ndiye matayala anu omata phulawa, ndi kukwera kwanu zitunda za m'makona. Bwaloli limakhotera kumanzere, kulemera konse kumagwera gudumu lakumanja."

"Lomwe likulira ndi lakumanzere. Sinthani lokhalo. Mayi Ruža, mwana wanuyu mwamuphunzitsa bwino kupisa anthu m'thumba."

Tinasintha yakumanzere yokha. Loweruka lotsatira beyaring'i yakumanja inagwira pakona, galimoto n'kukazama m'timiyala ta kumbali. Iwo anatuluka osakalika n'komwe, koma pakamwa pokhapo! Anauza anzawo onse kuti Dinko anamanga molakwika, akanawapha. Mlungu umenewo anthu atatu anabwera kudzatenga magalimoto awo asanakonzedwe. Dinko, munthu wazaka makumi atatu n'zisanu, kumangokhala pampando, manja oyera.

"Zisiyeni amayi, ziiwalika."

"Ziiwalika iwe utatseka galaja? Ndipatse makiyi."

Ndinapita ku tauni ya Rijeka komwe a Bartol anakakonzetsa galimotolo. Makanika wake ankafuna mayuro makumi awiri pa chitsulo chopsa cha beyaring'i ija, chomwe chinali kale m'mgolo wa zinyalala. Ndinamupatsa atatu, ndipo anachita kundikulungira m'nyuzipepala.

Milungu itatu itakwana, Loweruka, ndinawapeza a Bartol atavala kale chisoti, injini ikulira, akudikira kulowa pabwalo. Ndinaima kutsogolo kwa galimoto ndi chikwama changa cha kumsika.

"Mayi, chokanipo apo, nthawi yanga ndalipira!"

"Ndigundeni. Mudzanenanso kuti ndi Dinko."

Anzawo anayamba kusonkhana, ena makapu a khofi ali m'manja. Ndinamasula nyuzipepala ija, chitsulo n'kuchiika pamphuno pa galimoto lawo lachikasulo.

"A Vjeko," ndinaitana mmodzi wa atatu anatithawa aja, "muli ndi magalasi inu. Ndipezereni kadontho kanga pamenepa."

A Vjeko anachitembenuza uku ndi uku, n'kupukuta ndi chala. "Palibe."

"Tsopano gwadani, muunike kuseri kwa gudumu lakumanzereli."

Anagwada ndi foni yawo. "Kalipo. Kofiira."

"Ya Dinko ikuzungulirabe. Yomwe inagwira ndi yomwe anaumira adokotala."

Wina kumbuyo anakuwa, "Bartol, odwala ako nawonso umawalola kusankha dzino lozula?" Anthu anaseka. A Bartol anazimitsa injini, anatuluka, anavula chisoti, nkhope ili psu. Anandiyandikira n'kunong'ona.

"Tisachititsane manyazi, mayi Ruža. Mawa ndikutumizirani botolo la rakija yabwino, komanso galimoto ndizibweretsa kwa inu chaka chonse."

"Rakija ndimatcheza ndekha. Galimoto lanu sindikulifuna. Ponyoza munakuwa. Kuwaninso."

Woyang'anira chipata anali akukupiza mbendera, magalimoto akumbuyo akuimba mahutala. Ine osasuntha. Miyendo yanga inaima m'misika zaka makumi anayi.

"Chabwino. Dinko sanalakwe."

"Sindinamve. Makutu anandithera m'galaja."

"Dinko sanalakwe! Anandiuza kuti ndisinthe onse awiri, ndinakana ndine!"

Ndinatenga chitsulo changa, chifukwa ndinachigula, n'kupatuka. A Vjeko anandilondola mpaka pageti kufunsa ngati Lolemba pali malo.

"Alipo. Koma mukasintha onse amene Dinko anene, ndipo mtengo wakwera."