Kampira ka Alangizi

"Woyankhula ndi amene wagwira kampira," anatero alangizi, n'kukaika m'manja mwa amayi. "Enanu makutu okha."

Kanali kampira ka tenisi kothothoka ubweya, koda ndi thukuta la mabanja ena. Amayi anakagwira ndi nsonga za zala ngati apatsidwa chule.

Tinakhala mozungulira pa mipando ya pulasitiki: amayi, abambo, ine, ndi achimwene amene tinadzera. Anali atakhala miyezi ingapo pamalo amenewa, pomwe amathandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo sabata imeneyo ankatuluka. Anali atanenepa. Masaya anabwerera, manja anasiya kunjenjemera. Mkwiyo umene ndinabwera nawo unali wa munthu wowonda uja, ndipo pa uyu sunkakwana bwino.

M'minibasi amayi anali atatipangira kale. "Za m'nyumba sizituluka. Akafunsa, tili bwino. Makamaka iwe Digiri, pakamwa pakopo."

Digiri ndi ine. Dzinali anandipatsa ndi achimwene tsiku lomwe ndinamaliza maphunziro a ku yunivesite, atandilanda chipewa n'kuvina nacho pamaso pa anzanga mpaka kugwera m'maluwa.

"Funso langa ndi limodzi, mayi," anatero alangizi. Anali mzimayi wa mawu ofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. "Mwana wanu akufunika nyumba youma, yopanda mowa. Akabwerera kumene kuli fungo, sachedwa kugwa. Kwanuko kuli womwa?"

Yankho ndinkalidziwa, ndinakula nalo. Abambo samwa, amangolawa. Abambo sanagwe pakhonde, anapunthwa. Botolo la kuseri kwa mabuku ndi la alendo. Ndili wamng'ono ndinauzapo mayi woyandikana nafe kuti abambo aledzera, ndipo khutu langa linalira mpaka mawa lake.

Amayi anatembenuza kampira kaja kawiri.

"Alipo," anatero. "Bambo awa amamwa. Tsiku ndi tsiku. Chikwatiranireni sindinawaonepo atagona ndi mutu wawo."

"Iwe, mkazi iwe!"

"Kampira, bambo," anatero alangizi, osakweza mawu.

Abambo anatseka pakamwa n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Mawu a amayiwo ine ndinawadikira moyo wanga wonse, ndipo dzanja langa linali litayamba kale ulendo wopita pa bondo la amayi.

"Ndiye mwanayu kwathu sangabwere," anapitiriza amayi, maso ali kwa alangizi. "Koma Mulungu sataya. Mlongo wakeyu ali ndi chipinda chake pafupi ndi kuntchito. Samwa, sasuta, sanakwatiwe. Ndi wophunzira, zinthu zoterezi amazimvetsa."

Dzanja langa linabwerera. Choonadi chija amayi anachisunga ngati mbale za alendo, kudikira tsiku loti chigwire ntchito.

Chipindacho chinali chimodzi: bedi, tebulo, kambaula, ndi chitseko chodzikhoma chokha ukachikankha. Kiyi wake ndinali naye ndekha. Kwathu ndinkagona foni ili m'kamisolo, nsapato zili kunsi kwa pilo, chifukwa chilichonse chosagwiridwa chinkapita ndi achimwene: simbi, wailesi, laputopu yokhala ndi kafukufuku wanga yense. M'chipinda chija ndi mmene ndinaphunzira kusiya chinthu patebulo n'kuchipeza pomwepo.

"Timve kwa mwini chipinda," anatero alangizi. Analanda kampira kwa amayi n'kundipatsa. Kanali kofunda. "Palibe akukukakamizani, achemwali. Kukana nakonso ndi yankho."

"Ndikakana apita kuti?"

Sanandinamize, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. "Kwa makolo. Bedi la achimwene anu kuno lili kale ndi mwini."

Ndinayang'ana abambo. Thumba la jekete linali lotupa mbali imodzi, ndipo ankayamwa switi ya fungo lamphamvu ngati mwana wa sukulu. Kenako ndinayang'ana achimwene. Munthu amene anathyolapo chitseko cha bafa ndi phewa anali chete, manja pamaondo, kumvera lamulo la kampira. Anangondipukusira mutu pang'ono, milomo n'kupanga mawu opanda phokoso: kana.

Akanandichonderera ndikanakana.

"Abwere," ndinatero.

Amayi anaomba m'manja. Alangizi anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi aja.

"Kampira mukadali nako. Pali china?"

"Zatha."

Anandiuza malamulo: ndichotse chilichonse chokhala ndi mowa, ngakhale perefyumu, sipiliti wa pabala ndi mankhwala a chifuwa. Achimwene ndisawatsekere m'nyumba, ndisawatsekerenso kunja. Loweruka ndizibwera ku gulu la mabanja.

"Nanga abambo?" ndinafunsa.

"Abambo sanapemphe thandizo."

Abambowo anali atatuluka kale, ati akaone ngati minibasi ilipo.

Pageti amayi anandigwira chigongono.

"Usandiyang'ane choncho, iwe."

"Munati za m'nyumba sizituluka."

"Zatuluka nanga." Anakonza mpango wawo. "Ine ndasenza amuna awiri zaka zonsezi. Ndakugawira mmodzi, komanso ndakupatsa wosamwayo. Ukanakonda winayo?"

"Mukanandifunsa kaye."

"Ukanavomera?"

Ndinayang'ana kumsewu. Iwo anagwedeza mutu ngati wogulitsa amene wapeza kuti sikelo yake ili bwino.

Achimwene anafika Lachinayi masana, matiresi opyapyala ali pamutu, zovala zili m'jumbo. Anandipeza nditagwada pangalande ya kuseri, ndikukhuthula perefyumu amene ndinadzigulira nditangoyamba ntchito. Bwalo lonse linkanunkhira ngati ukwati. Mayi wa chipinda choyandikana anasuzumira pawindo.

"Aneba, mwalemera chonchi, mpaka kusambitsa ngalande?"

"Mlendo akubwera," ndinatero. "Ayenera kulandiridwa."

Achimwene anaima pakhomo, osalowa. Anayang'ana bedi, tebulo, laputopu yatsopano ya kuntchito. Ndinaona maso awo akuithawa, ndipo iwo anaona kuti ndaona.

"Uziyenda nayo," anatero.

"Ndimayenda nayo kale."

Tinayala matiresi pakati pa bedi ndi khoma. Malo oponda anatsala a phazi limodzi. Ndikufunafuna kiyi m'chikwama kuti ndiwaonetse mmene loko amavutira, china chake chinagwa n'kudumphadumpha mpaka kunsi kwa tebulo. Achimwene anawerama n'kuchitola.

"Digiri! Waba kampira ka alangizi?" Anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja, kwa tisanayambe kubisa zinthu. "Kuba ndi ntchito yanga, mlongo. Usandilande."

Sindinkadziwa n'komwe kuti ndinatuluka nako. Mwina palibe anakumbuka kundilanda.

Kuseka kunatha. Anakhala pamatiresi, n'kunditambasulira dzanja.

"Gwira. Nena zonse, kuyambira laputopu ija. Anatiphunzitsa kumvetsera. Sindiyankha."

Ndinakalandira. Kanali kopepuka kuposa tsiku lija. Mawu analipo, ambiri, ondandalikana bwino ngati mayankho a mayeso. Koma mphepo inakankha chitseko, ndipo chikanatsekeka chikanadzikhoma, pomwe kiyi anali mmodzi ndipo mawa lake ndinkapita naye kuntchito, achimwene n'kutsala opanda kiyi.

Ndinagwada n'kukapanikiza kampira kaja pakati pa chitseko ndi felemu. Chitseko chinakaluma, n'kuima.

Kali pomwepo mpaka lero, katabwanyika mbali imodzi. Wodutsa aliyense amaona mwendo wa bedi langa.