Mkamwini ndi Milu ya pa Dziwe

Dunstan anakwatira Esnat ku Dublin komweko, ndiye khasu la kwa apongozi sanaligwirepo. Kumudzi mkamwini amayamba walima kaye, anthu aone ngati manja ali nawo. Koma iyeyu ayi, anangolowa m'banja ngati akukwera basi. Choncho apongozi ake atabwera kuchokera ku Ntchisi kudzaona mdzukulu wawo Yamiko, anadziwiratu kuti mayeso omwe anawazemba aja amupeza.

Tsoka lake, fulati yawo ku Ongar, dera lina la ku Dublin, inayang'anizana ndi dziwe lomwe Dunstan ankagwirapo ntchito. Mu Okutobala, mitengo ikayamba kuyoyola masamba, iye ndi anzake amavala magambuti ofika m'chifuwa n'kulowa m'madzi ozizira koopsa, kukakokolola udzu wa m'madzimo ndi mareki kuti usawolere momwemo n'kuwononga dziwe. Tsiku lina apongozi anangokoka mpando, mwana pamiyendo, n'kukhala pazenera. Eee, ngakhale bwana wake anali asanamuyang'anitsitsepo chonchi!

Tsiku limenelo Dunstan anadzipereka zedi. Anazula, anakoka, msana uku ukulira. Udzuwo anauunjika milumilu m'mphepete mwa madzi monga amachitira nthawi zonse, n'kuweruka akudzimva kuti waonetsa chamuna.

Atafika kunyumba, Esnat anamukokera kukhitchini, akudziletsa kuseka. "Amayi akuti ntchito mumayamba bwino, koma simumaliza. Zinyalala mwangozisiya pomwepo. Akuti kumudzi akakafunsidwa za inu, sakudziwa chokayankha."

Mtima unamupweteka Dunstan. Apongozi anali pafupi kubwerera, ndipo mbiri ya ulesi ikangofika kumudzi, kuifufuta n'kovuta. Nanga mkamwini angatsutse bwanji apongozi ake? Ngakhale kudyera nawo chipinda chimodzi ankachita manyazi.

"Kawafotokozereni inuyo," anatero.

"Ndayesa kale. Akuti ndikukuikirani kumbuyo."

Kutacha, Dunstan atafika padziwe, anangoti kakasi. Apongozi anali atafika kale, chitenje pamwamba pa jekete la Esnat, majumbo akuda m'manja, akulongeza milu ija kuti mkamwini wawo asachititse manyazi banja. Azungu oyendetsa agalu anali ataima kuonerera, agaluwonso makutu ali m'mwamba.

Panalibenso kothawira. Ananjuta chapatali, magambuti akuchita phokoso, nkhope atayang'ana kumbali.

"Amayi, pepani. Milu imeneyi timaisiya dala."

"Dala?"

"Muli tizilombo mmenemo. Tiachule, nkhono, tina tonga abuluzi. Tikamazula udzu timatulukira nato limodzi. Ndiye timausiya ugone kaye pano kuti tizilomboto tibwerere tokha m'madzi. Tikautaya lero, tizilombo tonseto tikafera m'majumbo."

Apongozi anamuyang'ana ngati mutu wamusokonekera. Kenako anatola kamtengo n'kutokosa mulu umodzi. Kachule kanadumpha n'kuti chubwi m'madzi. Tizilombo tina takuda tinali kukwawa pang'onopang'ono kulowera komweko. Mayiwo anaonetsetsa. Ndiyeno anamasula jumbo lomwe anali atadzaza kale, n'kukhuthula udzuwo mosamala pafupi ndi madzi.

"Ndiye mumazizidwa tsiku lonse, n'kudikiranso achule asamuke?"

"Eya, amayi."

"Ha, zakuno!" Anapukuta manja pachitenje. Sanamuyang'anenso, maso anali pamadzi. "Malemu bambo a Esnat anali mlimi woopsa. M'munda mwawo simunkapezeka ndi kaudzu komwe, mudzi wonse unkawatama. Koma akangolowa m'nyumba, ine ndi ana tinkanjenjemera. Kulima kwanu sindikukudziwa, bambo a Yamiko, ndipo ndikuona kuti khasu lingakuvuteni. Koma mwana wanga ndimusiya kuno mtima uli m'malo."