Mzere wa Munthu Mmodzi

"Amene akufuna tiyambe ndi nkhani ya disiko akweze mkono," anatero Timoteyo, hedi boyi, akugogoda tebulo ndi chofufutira bolodi.

Anyamata onse anakweza. Atsikana ena nawo anakweza mozemba, maso ali pansi. Esitele yekha anangofumbata manja pamiyendo.

Linali Lachitatu masana, tsiku limene mapulifekiti amakumana mulaibulale. Pa sukulu yogonera pomwepoyi, chakumtunda kwa Kamwendo, ana ankasankha okha atsogoleri awo. A Fomu 4 ankatula maudindo teremu yoyamba ikamatha kuti alimbane ndi mabuku, a Fomu 3 n'kuchita kampeni, aphunzitsi n'kuunika amene akuima, kenako voti. Panali pulifekiti wa chakudya, wa ukhondo, wa masewera, wa zisangalalo, wa mapemphero ndi ena otero, koma ambiri anali anyamata chifukwa ndiwo anali ochuluka pasukulupo. Zimene agwirizana Lachitatu, hedi boyi ndi hedi gelo ankapita nazo kwa ahedi Lachisanu. Hedi gelo wake anali Esitele.

"Pepani a tcheya," iye anatero. "Sabata yatha munalonjeza kuti lero tiyamba ndi khoma la kubafa kwa atsikana."

"Voti ndi voti, mayi. Demokalase ndi imeneyi."

"Khoma silithawa," anawonjezera Filipo, pulifekiti wa zisangalalo. "Koma wa zimbale wa ku Kamwendo uja tikapanda kumuuza lero, amutenga a ukwati."

"Lingathawe bwanji poti linagwa kale?" Esitele anafunsa.

Anyamata anaseka ngati wanena nthabwala. Kumbuyo, Madamu Zulu, mphunzitsi woyang'anira mapulifekiti, anatukula mutu pa makope amene ankachonga.

"Esitele, zomangamanga si za ana. Ahedi akuzidziwa. Komiti ya makolo ikakhala pansi idzaona."

Nkhani inathera pompo. Belu linalira akukanganabe kuti disiko ikhale mudayiningi kapena panja.

Khomalo linagwa ndi mvula ya mu Januwale. Kuseri kwake kunkadutsa njira yachidule ya anthu a njinga onyamula matumba kupita kumalire a Zambia, ndipo anthuwo sanachedwe kudziwa kuti kuli choonera. M'mawa uliwonse ena ankaima pamenepo ngati akukonza tcheni, n'kumaimba malikhweru. Kubafako malo obisika anangotsala kangodya kamodzi. Atsikana ankandandama ndi ndowa zawo kudikira kangodyako, belu la asembule n'kuwapeza ali ndi thovu m'khosi. Lamulo linkati wochedwa atchetche udzu, ndipo wopereka zikwakwa anali Esitele.

Madzulo amenewo anapita kumjigo. Atsikana anali pa macheza otentha, koma atangomuona, nkhani inazima ngati moto wothiridwa madzi. Anali atayamba kuzizolowera. Chipatsidwireni kachipinda kakekake kumapeto kwa hositelo, monga amachitira ndi hedi gelo aliyense, phokoso la anzake ankangolimvera kuseri kwa khoma.

Rozi yekha anamuyandikira. Awiriwa ankagona pa bedi limodzi losanjikiza, wina m'mwamba wina pansi, kuyambira ali Fomu 1. Rozi, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Mlonyeni, ndiye anamukokera pa mpikisano, ndiyenso anapeka nyimbo ya kampeni imene hositelo yonse inavina.

"Zayenda bwanji kunyumba ya malamulo?" Rozi anafunsa.

"Avotera disiko."

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinayankhula. Lachisanu ndikawauzanso ahedi."

"Lachisanu, Lachisanu! Takalamba nalo Lachisanu lakoli." Rozi anatula ndowa. "Dzulo mwana wa Fomu 1 amujambula ndi foni, akuti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Esi. Ife Lolemba sitituluka. Palibe asembule, palibe kalasi, mpaka ahedi abwere adzaone okha."

"Rozi, akuthamangitsani."

"Athamangitsa hositelo yonse? Iwe ungotiuza, uli mbali iti?"

"Ndili mbali yanu. Koma aliyense akadzitsekera m'kati, akayankhule panja ndani?"

Rozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumaliza pa baji imene inali pachifuwa.

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame," anatero, n'kusenza ndowa yake.

Lachisanu Esitele anakanenadi. Ahedi anamvetsera akuyang'ana wotchi, n'kuyankha kuti oumba njerwa sanayambe chifukwa cha mvula. Za Lolemba sanawauze. Loweruka kunachitika disiko, ndipo iye anaima pakhomo la dayiningi kuona kuti aliyense wavala moyenera.

Lolemba m'mawa belu linalira, koma m'hositelo munalibe wotuluka. Esitele anavala yunifolomu, n'kudutsa pakati pa mabedi. Atsikana anali atakhala pamabedi awo, ena atafunda zitenje, onse chete. Palibe anamutsekereza, palibenso anamuyankhula.

Pabwalo la asembule anyamata anali atandanda m'mizere yawo. Mbali ya atsikana kunali udzu wonyowa ndi mame basi. Esitele anapita kukaima pamalo pake, kutsogolo kwa mzere umene munalibe munthu. Anamva maso a sukulu yonse akumuboola msana. Wina kumbuyo anatsokomola mwadala, ena n'kuseka. Poimba nyimbo ya fuko, mawu aakazi anali ake okha pamodzi ndi a aphunzitsi awiri, ndipo pakati pa nyimbo iye anangotsala n'kugwedeza milomo.

Asembule itatha anaitanidwa kuofesi. Munali ahedi, Madamu Zulu ndi Timoteyo.

"Wayambitsa zimenezi ndani?" ahedi anafunsa.

"Khoma, sala."

"Usandiyankhe mwamwano. Ndikufunsa munthu."

"Sindikuchita mwano, sala. Tiyeni mukaone kubafako. Mukaima pamene timasambira, njira yonse ikuoneka."

"Esitele," anatero Madamu Zulu mofatsa, "baji imeneyo sitinakupatse kuti uzibisa zolakwa. Iwe ndiwe maso athu ku hositelo."

"Anandivotera ndi atsikana, madamu. Anandituma kuti ndikhale pakamwa pawo."

"Ndipo dzina lako tinalivomereza ndife," ahedi anatero. "Tikhoza kulichotsanso. Ndikufunsa komaliza."

Esitele anagwira baji yake. Anaganiza za mayi ake, amene anayenda pa kabaza kuchokera ku Kachebere kudzaona tsiku limene anamuveka bajiyo. Anayang'ana kwa Timoteyo kuti mwina aponyapo mawu, koma mnyamatayo ankawerenga kalendala ya pakhoma.

"Sinditchula munthu, sala."

"Tuluka. Za iwe tikambirana aphunzitsi tikakhala pansi."

Komabe ahedi anapita ku hositelo. Anazungulira kuseri, anaima pa mulu wa njerwa zogumuka, ndipo mwamwayi wanjinga wina anali ataima chapafupi, akuchita ngati akupopa tayala. Ahedi anabwerera kuofesi. Analamula kuti atsikana alowe m'makalasi, nalonjeza kuti pofika mawa pakhala mpanda wa udzu. Kenako anauza Madamu Zulu kuti aitane ana a Fomu 1 mmodzimmodzi.

Dzuwa lisanapendeke, Rozi anauzidwa kuti alongedze. Anamupatsa masabata awiri okakhala kunyumba, ndipo pobwera adzabwere ndi kholo.

Esitele anamupeza pageti akumangirira chikwama pa kabaza. Atsikana ambiri anali atamuperekeza.

"Rozi, si ine."

"Munalowa muofesi ndani?"

"Ndinalowa, koma sindinatchule."

"Ndiye anawauza ndi khoma?" Rozi anaseka, koma maso ali ofiira. "Bambo anga ali m'chigafa pano, akusoka fodya kuti ine ndiphunzire. Ndikawauza chiyani? Kuti mnzanga amene ndinamuimbira nyimbo wandigulitsa chifukwa cha baji?"

"Ndikulumbira, Rozi."

"Usalumbire. Sunga mpando wako. Achimwene, tiyeni."

Njinga inatsika kulowera ku Kamwendo. Esitele potembenuka anapeza atsikana akupatuka, kumusiyira njira yotakata ngati akudutsa wodwala nthenda yopatsirana.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasintha. Pachitseko cha kachipinda kake wina analemba ndi choko kuti "Kazitape". Ankafufuta, m'mawa n'kupeza lalembedwanso, mpaka anangolisiya. Mudayiningi, benchi imene wakhalapo inkatha anthu pang'onopang'ono. Akayanika yunifolomu, ankaipeza yagwera m'matope. Akalengeza chinthu, atsikana ankamvera, koma momvera mwa chipongwe: "Inde, bwana. Chabwino, bwana." Kuofesi nako sankamuitananso. Aphunzitsi sanamulande udindo, koma Lachisanu ahedi anauza Timoteyo kuti azibwera yekha.

Mpanda wa udzu unamangidwa, ndipo sabata yotsatira ngolo inatula mchenga ndi njerwa. Atsikana analitcha khoma la Rozi. Esitele sanatsutse. Mumtima ankadziwa kuti n'zoona: Lachisanu lake lija silikanabweretsa ngakhale njerwa imodzi.

Lamlungu masana, anthu atabalalika ku mapemphero, anali m'kalasi yekha akuwerenga pamene anamva mdidi wa mapazi pakhomo. Anali Yankho, kamtsikana ka Fomu 1, kochepa thupi, kamene siketi yake inkafika pafupi ndi akakolo.

"Asisi, ndingalowe?"

"Lowa. Wadwala?"

Yankho anagwada pafupi ndi desiki, n'kuyamba kulira asananene kanthu. Mawu anatuluka modukaduka. Ndiye uja anajambulidwa ndi foni. Madamu atamuitana, anamuuza kuti akapanda kunena amubweza kwawo, ndipo kwawo amalume ake anali atanena kale kuti akangobwerako, sukulu yatha, akagulitse tomato pamsika.

"Ndinatchula ndine, asisi. Ndinatchula asisi Rozi, amene amandimenyera nkhondo." Anapukuta mamina ndi kolala. "Ndikamaona zimene akukuchitani, chakudya sichikulowa. Lero pa mapemphero a madzulo ndiima, ndiwauze onse."

Esitele anatseka buku lake. Mtima wake unadumpha, ndipo anachita manyazi ndi mmene unadumphira. Mawu ochepa okha a mwana uyu, zonse zikanatha. Choko chikanafufutika pachitseko. Rozi akanabwera n'kudzakhala pabedi pake, n'kumati, "Esi, undikhululukire." Anaziona zonsezo bwinobwino ngati zachitika kale.

Kenako anayang'ana Yankho. Anaganiza za hositelo ija, za a Fomu 2 amene amachapitsa ana zovala popanda chifukwa, nanga akapeza chifukwa? Iye zinkamupweteka ali ndi chitseko chotseka ndi baji pachifuwa. Mwana uyu ankagona pakati penipeni pa hositelo, ndipo anali ndi zaka zina zitatu zoti akhale pasukulupo.

"Wauzapo wina?"

"Ayi."

"Dzuka, khala apa." Anamukokera pa benchi. "Tamvera. Suima, ndipo suuza munthu. Ngakhale mnzako wapamtima."

"Koma akukudani chifukwa cha ine."

"Anayamba kale, iwe usanatsegule pakamwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine chaka chamawa ndikupita. Iwe ukanena, sufika nayo Isitala sukulu ino."

"Nanga asisi Rozi?"

Funso limenelo linamulasa. Anayang'ana pawindo, kumene amisiri anasiya khoma litafika m'chiuno.

"Rozi abwera Lolemba ndi bambo ake. Ndikapempha ahedi kuti ndilowe nawo, ndikawauze bambowo chimene mwana wawo anachitira zimenezi, asakamukalipire. Zina zonse zisiye."

"Akakufunsani kuti ananena ndani?"

"Ndidzati sindikudziwa. Pukuta m'maso. Utuluke wekha, udzere kuseri kwa labu, asakuone kuti unali ndi ine."

Yankho anapukuta m'maso, natuluka akuthamanga.

Lolemba Rozi anafika ndi bambo ake, munthu wamtali wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Ahedi analola Esitele kulowa, ndipo iye anafotokoza zonse: za njira, za malikhweru, za foni, za misonkhano imene inathera pa disiko. Bambowo anamvetsera chipewa chili pabondo. Pomaliza anati, "Ndikanakhala ine, ndikanagwetsa ndi khoma lotsalalo," ndipo ngakhale ahedi anamwetulira pang'ono.

Potuluka, Rozi anatsalira pakhonde.

"Wayankhula bwino," anatero, osamuyang'ana. "Chikumbumtima chikukuluma eti?"

Esitele anatsegula pakamwa. Patali, pagulu la ana a Fomu 1 amene ankapita ku labu, anaona Yankho akuyenda pakati pa anzake, wina atamukoleka mkono m'khosi.

"Takulandira, Rozi," anatero. "Notsi za Bayoloje za masabata awiriwa ndakukopera. Ndikazisiya pabedi pako."

Rozi anagwedeza phewa n'kupita kwa atsikana amene ankamudikira ndi nthungululu pansi pa mtengo wa mango. Esitele anaima pakhonde mpaka phokoso lawo litalowa m'hositelo. Kenako anakonza kolala, n'kuyamba kuyenda yekha kulowera kukalasi.