Akuti Anangomulekerera

Ine tchesi sindimasewera, ndineneretu. Ntchito yanga Loweruka lililonse ndi kutsegula chipinda chakuseri kwa laibulale, kuyala matebulo, kulemba maina a ana amene abwera, ndi kuonetsetsa pomaliza kuti hatchi ina isapite kunyumba m'thumba la kabudula. Nditapuma pa unamwino ndinkaganiza kuti ndizidzuka dzuwa litakwera. Alamu anga, achimwene awo a amuna anga, ndiwo anandikokera m'zimenezi, ati ndingowagwirizira mwezi umodzi pamene akufunafuna munthu. Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi, ndipo munthuyo akumufunabe.

Alamuwo amakonza mawotchi pa kashopu kawo kapafupi ndi siteshoni ya basi. Zophunzitsa anazi tchesi palibe amawalipira, ndipo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, mvula kaya chimfine. Ndi munthu wabwino ndithu, koma abale, amadzimva. Zaka zonsezi palibe mwana anawagonjetsapo, ndipo nkhaniyi amaidziwa ndi amene amangobwera kudzasinthitsa batire ya wotchi.

Mwa ana onse, amene ankamunyadira kwambiri anali mwana wa atelala. Anzake ankamutchula Kachete, chifukwa ukamufunsa funso ankayamba wakuyang'ana kaye mpaka iwe wemwe uyambe kukayika ngati funsolo linali lanzeru. Anabwera ali ndi zaka khumi, osadziwa ngakhale koyika mfumu. Alamu ankatsala naye ena akaweruka, kumuonetsa izi ndi izo, ine ndili pakhomo kugwedeza makiyi kuti amve kuti kunyumba kwanga kulinso ntchito. Pofika zaka khumi ndi zitatu analibenso mnzake woti n'kusewera naye m'chipindamo, kupatula aphunzitsi akewo.

Kumapeto kwa chaka timakhala ndi tsiku la makolo. Chimene alamu amachikonda pa tsikuli ndi kusewera ndi ana khumi nthawi imodzi. Matebulo timawalumikiza, ana amakhala mbali imodzi, iwo n'kumayenda mbali inayo manja ali kumbuyo ngati dokotala akuyendera wodi, apa kusuntha kamodzi, apo kusuntha kamodzi. Chaka chatha ana asanu ndi anayi anagonja ola lisanathe. Panatsala Kachete. Alamu anaima pa bolodi lake, anakanda pachibwano, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi, chinthu chimene sanachitepo.

Makolo ankaona ngati ndi mbali ya chionetsero. Koma ine zaka makumi atatu za m'chipatala zinandiphunzitsa kusiyanitsa wodwala ndi wonamizira. Mtsempha wa pakhosi pawo unali kugunda moonekera, kolala inanyowa, ndipo mwendo wakumanzere unkanjenjemera pansi pa tebulo. Munthuyo ankamira, ndipo ankayesetsa ndi mphamvu zake zonse. Patapita mphindi makumi awiri mtsikana uja anasuntha mfumukazi yake, n'kuchotsa dzanja, n'kuliyika pamwendo. Mfumu ya alamu inalibenso kothawira.

Alamu anayang'ana bolodi, kenako anaseka n'kuimirira.

"Makolo anzanga, mwana amafunika kumulimbikitsa," anatero. "Nthawi zina mphunzitsi amatsinzina diso limodzi."

Anthu anaomba m'manja, koma ankaombera iwowo. Bambo wina anati uwu ndiye uphunzitsi weniweni. Mayi ake a Kachete anachita kubwera kutsogolo n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, kuwathokoza chifukwa cha mtima wabwino womwe anamuonetsa mwana wawo. Ine mtima unandiwawa moti ndinkafuna kuwagenda ndi makiyi. Kachete anaika tizidutswa take m'bokosi, chimodzichimodzi, anatseka, n'kutsatira mayi ake.

Titatsegulanso, sanabwere. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Alamu anati mwina ndi homuweki yachuluka. Lachitatu anati ana a msinkhu umenewu amasintha. Koma maso awo ankangokhala pakhomo, ndipo anaphunzitsa phunziro lomwelo kawiri osazindikira, ana n'kumangoyang'anana. Ndinaona kuti tikutaya mwana yekhayo amene akanapita patali ndi masewerawa, ndipo tikumutaya chifukwa cha nkhope ya munthu wamkulu.

Lolemba ndinapita ku shopu kwawo. Ndinawapeza ali ndi kagalasi kawo pa diso, koma pa benchi panalibe wotchi. Panali kabolodi kakang'ono, tizidutswa tili ndendende ngati mmene tinalili tsiku lija. Sindinapite m'mbali. Ndinawauza kuti ndinaona mwendo wawo, ndipo kuti odwala amene ndawasambitsa ndi ambiri moti munthu wovala tayi sangandinamize. Poyamba anayesa kukana, ati ine tchesi ndiidziwira kuti. Ndinangokhala pa mpando wa makasitomala n'kuika chikwama pamwendo, kuwaonetsa kuti sindikuchoka.

Pamapeto pake anachotsa kagalasi kaja n'kuvomera. Anati chikuwapweteka ndi choti mwanayo tsopano akukhulupirira kuti sanapambane, akuona ngati anangomumvera chisoni, ndiye wataya mtima. Anati apita okha akamuuze zoona kuti ayambenso kudzikhulupirira. Pamene ankalankhula, ndinaona nkhope ikuwala pang'onopang'ono. Anali atapeza kale udindo watsopano wowakomera, wa munthu wamkulu wodzichepetsa amene akupita kukadzutsa mwana wogwa. Ndinawaperekeza, ndipo m'njira anabwereza mawu awo katatu, n'kumandifunsa ngati akumveka bwino.

Kwa atelala tinapeza mayi ali pa makina, Kachete atakhala pa kampando akusokerera mabatani pa malaya a sukulu. Alamu anasuntha nsalu pa tebulo lodulira, anatsegula kabolodi kawo, n'kuyamba. Anamuuza kuti sanamulekerere, kuti iye anawagonjetsa mwachilungamo, ndipo asadzikayikire.

Mtsikanayo anaduladula ulusi ndi mano osafulumira.

"Ndikudziwa," anatero. "Munalakwitsa pamene munadya msilikali uja ndi hatchi. Ndinamusiya dala."

Mawu onse amene alamu anakonza m'njira anali a mwana wosweka mtima, ndipo mwana wotero panalibe. Anafunsa chapansipansi kuti nanga bwanji sakubwera.

"Munanena zija anthu atadzaza chipinda. Pano tilipo anayi."

Makina anali ataima kale. Mayi aja anavula magalasi n'kufunsa, mwaulemu woopsa, kuti ndiye tsiku lija iwo anathokoza chiyani. Alamu analongedza kabolodi kawo, ndipo atafika pakhomo anati Loweruka akanena pamaso pa onse, ngati iye angabwere kudzamva. Kachete anati abwera.

Ine alamu anga ndimawadziwa. "Onse" awowo anali ana khumi ndi awiri, theka lawo osamvetsera. Ndiye ndinatenga buku la maina, momwe mulinso manambala a makolo, n'kuyimbira aliyense amene analipo tsiku lija. Ndinangoti aphunzitsi ali ndi uthenga wofunika. Ndinkadziona wochenjera kwambiri sabata imeneyo, ndisaname.

Loweruka alamu atalowa anapeza chipinda chadzaza, ena ataima m'mbali mwa khoma. Anandiyang'ana diso loti tikakumana kunyumba. Kachete ndi mayi ake anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Ndiwayamikire apa, sanathawe. Anaima kutsogolo n'kunena kuti tsiku lija ananama. Anati mwana wa atelala anawagonjetsa iwo akusewera ndi nzeru zawo zonse, ndipo anachita manyazi kuvomera. Sanawonjezere zokometsera, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analankhula zosakwana mphindi ziwiri.

Anthu anaimirira. Anaomba m'manja kuposa tsiku lija, mayi wina mpaka kupukuta misozi. Ankauzana kuti masiku ano munthu wamkulu wovomera kulakwa pagulu umupeza kuti, ndipo ana athu ali m'manja abwino. Anawaunjikira kutsogoloko, aliyense akufuna kuwagwira dzanja. Ndinayang'ana chipinda chonse, khosi ndi khosi, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anacheuka kuti aone mwana amene anapambanayo. Ndinachita manyazi, chifukwa anthuwo ndinawasonkhanitsa ndine.

Kachete anadikira pang'ono, manja ali pamwendo. Kenako anakhudza mayi ake paphewa, ndipo awiriwo anatuluka mwakachetechete. M'chipinda chathu sanadzalowenso.

Alamu anasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu, uku ndi uku, mpaka maso awo anapeza ine.

"Ali kuti?"

"Watuluka pamene amakuomberani m'manja," ndinatero.

Anayesa kulowera kuchitseko, koma bambo uja wa uphunzitsi weniweni anali atawagwira dzanja mwamphamvu, osalitaya, akuwauza kuti anthu ngati iwo ndi osowa.