Nthenga za Mapiko Awiri

Uta ndinaupeza pa tebulo, pakati pa makapu a khofi. Wamtengo, wautali, wopindika kunsonga zonse ziwiri. Pogwirira panali patada ndi thukuta la zaka zambiri. Apongozi anga, a Arvo Niemela, anaukankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Phewa langa latha, akamwini," anatero. "Dokotala wandiletsa kukoka. Ndipo uta ukangokhala pakhoma umafa."

Ndinayang'ana Kaisa, mkazi wanga. Iye anayang'ana m'kapu.

"Ndiye mukuti bwanji, bambo?"

"Lamulungu likubwerali. Kuseri kwa sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi kaja, kuli mtolo wa udzu. Ndikhomapo mbale yapepala. Inu muima pachitsa paja. Mivi itatu, yonse m'mbale, ya nsonga zamipeni zophera gwape. Mukatero uta ndi wanu, mulowa nafe m'nkhalango. Mukalephera atenga Rudy."

Rudy ndi mlamu wanga. Anali atatsamira chitseko, akudya pasti, buledi wokutira nyama ndi mbatata, zam'katizo zikugwera pa malaya. Iye ali ndi uta wake wamakono, wamawilo, wodula ngati njinga yamoto.

"Ndaukhomera kale msomali, alamu," anatero. "M'galaja, pamwamba pa firiji ya mowa. Muzidzabwera kudzauona. Kuona sitilipiritsa."

"Mivi mupange nokha," anapitiriza a Arvo. "Yanga ndi yaifupi. Pophunzira inalibe vuto. Koma mukaikako mipeni, ndi manja anu aataliwo, mudula chala pokoka."

Ine ndinakulira ku Detroit. Ndakhalako ku Toledo, ku Tucson, ku Spokane, ndi kwina komwe ndinaiwala. Sindinasungepo chinthu chosalowa m'chikwama. Kuno kumpoto kwa Michigan ndinabwera chifukwa cha Kaisa, ndipo anthu amandifunsabe kuti ndinyamuka liti. Kulasa ndinaphunzira chilimwe chomwechi, ndi uta womwewo, madzulo ndikaweruka. Mbale ndinkaipeza masiku ambiri. Utawo ndinaufuna. Chifukwa chake musandifunse. Koma sindikanalola kuti ukapachikidwe pa msomali wa Rudy.

"Galimoto ikufuna matayala chisanu chisanafike," anatero Kaisa pobwerera. "Mivi yotchipa, amuna anga. Gwape sawerenga mtengo."

Lolemba ndinapita kwa Mayi Dolores Beauchamp. Sitolo yawo ili pa mphambano. Kutsogolo nyambo za nsomba, kumbuyo mivi. Ndinalunjika pa yomangidwa kale, yotchipa, ya timapiko tapulasitiki.

"Uta wa ndani?" anafunsa, osadzuka pa mpando.

"Wa a Arvo."

"Ibwezeni imeneyo. Pulasitiki imagunda pa mtengo wa uta, muvi n'kudumpha. Mukufunika nthenga zenizeni."

Anandionetsa ya nthenga. Ndinaona mtengo. Ndinaibweza mwaulemu.

"Ndiye gulani ndodo zokha, nthenga mumate nokha. Msana wanji?"

"Wanga?"

"Wa muvi, bambo. Kulimba kwake."

Pa mabokosi panali manambala. 300, 400, 500.

"Ndipatseni 500. Wolimba kwambiri."

"500 ndi wofewa."

"Ndiye 300 ndi wofewetsetsa."

"Ndi wolimba."

"Nambala ikamakula, muvi ukufooka?"

"Eya."

"Anakonza zimenezi ndani?"

"Mwamuna wina," anatero Mayi Dolores.

Ndinati andipatse wolimbawo basi. Anakana. Anati muvi uyenera kupindika pang'ono pochoka, uzungulire uta, kenako uwongoke. Wolimba kwambiri uthawira kumanzere. Wofewa kwambiri uthawira kumanja. Kwa munthu wamanzere n'zotembenuza. Ukautalikitsa umafewa. Ukalemeretsa nsonga umafewanso, ngakhale ndodo ndi yomweyo. Ndinagwedeza mutu pa chilichonse. M'mutu munalibe chomwe chinakhala.

Anandiimika pakhoma, anandiyeza mkono, anatulutsa ndodo za kaboni za 400. Zinali zokalika utoto, zotsika mtengo.

"Zimauluka ngati zinzake. Zangokhala zonyansa. Tsopano nthenga. Phiko liti?"

"Pepani?"

"Lamanzere kapena lamanja? Nkhukundembo ili ndi mapiko awiri."

"Ine ndimalemba ndi dzanja lamanja."

"Sizikhudzana ndi dzanja lanu."

"Ndiye zikukhudzana ndi chiyani?"

"Palibe. Zonse zimauluka chimodzimodzi."

"Nanga mukufunsiranji?"

Belu la pachitseko linalira. Analowa bambo wina wofuna nyongolotsi, wachangu, galimoto ataisiya ikulira. Mayi Dolores anandilozera katoni ya pansi pa tebulo. "Zotsalira zili umo. Theka la mtengo." Anapita.

M'katonimo munali timatumba totsegula kale. Kena ka nthenga zofiira, kolembedwa kuti lamanzere. Kena ka zoyera, lamanja. Ndinaima nato m'manja. Kenako nzeru inabwera, yooneka bwino kwambiri. Mbalame siuluka ndi phiko limodzi. Ndinatenga tonse tiwiri. Polipira Mayi Dolores anatiyang'ana, anatsegula pakamwa, bambo uja anafuula kuti nyongolotsi zake ndi zakufa. Anandipatsa chenji.

A Arvo anandibwereka chopanira nthenga, kachitsulo kakale ka dzimbiri. Ndinachiika pa tebulo lodyera. Guluu, ndodo, nthenga. Muvi uliwonse umafuna zitatu. Yofiira kumanzere. Yoyera kumanja. Apa zinali zomveka. Yachitatu ndiyo inandiimitsa.

"Mwangoti chete bwanji?" anafunsa Kaisa.

"Phiko ili, phiko ilo. Yachitatuyi ndi chiyani?"

"Mchira."

"Za mchira sagulitsa."

"Bambo amamata za mtundu umodzi, ndikuganiza. Kapena ayi. Ndikukumbuka ina inkasiyana mtundu." Anaganiza pang'ono. "Imbani muwafunse."

Sindinaimbe. A Arvo anati ndipange ndekha. Komanso foni ya kwa apongozi amakonda kuyankha ndi Rudy. Mchira ndinausinthanitsa. Muvi uwu wofiira, winawo woyera. Guluu anandimata zala. Nthenga ina inandikanirira pachigongono mpaka kuntchito.

Loweruka ndinabwereka uta uja, ndinakaiyesa pa mtolo wa udzu kuseri kwa nyumba yathu, ndi nsonga zophunzirira. Zamipeni ndinali nazo zitatu zokha, sindinafune kuzibunthitsa. Mivi inafika pa udzu, inde. Koma inkapita ikugwedeza matako. Inkalira fwii, ngati tayala lophulika. Wina m'mwamba pang'ono, wina m'mbali. Ndinaganiza za msana. Mwina 400 ndi wofewa. Kapena wolimba. Ndinayesa kukumbuka mbali yomwe wolimba umathawira, koma iyi inkathawira konsekonse. Ndinati vuto ndi manja anga. Mantha a mawa.

Lamulungu kunacha kozizira, kopanda mphepo. Titadya chamasana kwa apongozi tinatuluka tonse. A Arvo anakhoma mbale ndi kamtengo. Rudy anabwera ndi mpando wopinda ndi chitini cha mowa.

"Ndikhale kuti, alamu, poti n'kotetezeka? Kutsogolo kwa mbale?"

Ndinaima pachitsa. Ndinakoka mpaka chala chinakhudza pakona pa mlomo. Ndinasiya.

Muvi unachoka bwino. Pakati pa ulendo unasintha maganizo. Unakwera, unakhota, unakabaya khoma la sauna. Thabwa linalira.

Rudy anamwa pang'ono.

Wachiwiri unatsika. Unalowa m'dothi, patsogolo pa mtolo, nthenga zokha zikuoneka.

"Dikirani," anatero a Arvo.

Anabwera pang'onopang'ono, anatenga wachitatu m'dzanja langa. Anauyang'ana kuchokera kumbuyo, diso limodzi atatsinzina. Anayendetsa chala chachikulu pa nthenga yofiira. Kenako pa yoyera. Anabwereza.

"Akamwini, anakuphunzitsani kumata ndani?"

"Palibe, bambo. Ndinangoonera mbalame."

"Mbalame iti?"

"Iliyonse. Phiko uku, phiko uku."

Rudy anadzuka, anasuzumira, anabwerera pa mpando. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Mowa unamutuluka m'mphuno.

"Gwirani apa," anatero a Arvo. Anandigwiritsa nthenga. Mbali imodzi yosalala, ina yokhakhala. "Mpweya umakankha kokhakhalaku. Zikakhala za phiko limodzi, zonse zimakankhira mbali imodzi, muvi umazungulira ngati chobowolera, n'kuyenda mowongoka. Izi zanuzi, iyi ikuti tiyeni uku, iyi ikuti ayi uku. Ndiye mipeni ya kutsogolo imati poti kumbuyo mukukangana, ndiyendetsa ndine."

"Koma Mayi Dolores anati zonse n'chimodzimodzi."

"N'chimodzimodzi."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Osasakaniza."

"Ndiye si chimodzimodzi."

"N'chimodzimodzi, akamwini. Lamanzere ndi labwino. Lamanja ndi labwino."

"Koma pamodzi n'zoipa."

"Eya."

Ndinayang'ana Kaisa kuti andithandize. Anali atagwira pakamwa.

"Alamu apanga nkhuku," anatero Rudy, akupukuta misozi. "Tikanaiwazira chimanga ikanabwera yokha. Bambo, ndikatenge nsalu yokulungira uta?"

"Ndinati Lamulungu," anatero a Arvo. "Kodi latha?"

"Aponya kale iwiri."

"Aponya nkhuku ziwiri. Wanena wekha. Ine ndinati mivi."

Ndinazula wa m'khoma, ndinafukula wa m'dothi. Timatumba ta nthenga, guluu ndi chopanira zinali m'galimoto. Tinakhala pa khonde la sauna. A Arvo anandipatsa mpeni wawo, ndinayamba kupala zoyera zonse. Zofiira zotsala zinali zokwanira mivi itatu, osapitirira. A Arvo ananola nsonga ija inalowa m'dothi, pang'onopang'ono, mkono wodwalawo ataugoneka pa bondo.

Ndinapana nthenga yoyamba, ndinathira guluu.

"Wachuluka," anatero Rudy ali pa mpando wake.

Ndinapukuta.

"Tsopano wachepa."

Ndinawonjeza.

"Ambuye. Mukumata muvi kapena mukupaka buledi?" Anadzuka, anandilanda botolo. "Sunthani. Sindikukuthandizani, alamu, mumve bwino. Maso anga ndi omwe akupweteka." Anayendetsa kamzere ka guluu kopyapyala ngati ulusi, anatsitsa chopanira, anadontheza kadontho kunsonga ya nthenga. Sanayang'ane n'komwe. Yachiwiri anandisiyira, ataima pamutu panga, akupuma mokweza.

Kudikira kuti ziume kunatenga nthawi. Kaisa anabweretsa khofi. Mithunzi ya mitengo inafika pa mtolo wa udzu. Ndinafunsa a Arvo chifukwa chake iwo amamata zamanzere zokhazokha.

"Bambo anga ankamata zamanzere."

"Chifukwa?"

"Sindinawafunse."

"Ndikanagula zamanja zokhazokha bwenzi zili bwino?"

"Bwenzi zili bwino. Koma sindikanazikonda."

Ndinasiya kufunsa.

Ndinabwerera pachitsa. Manja anali atazizira. Ndinakoka, ndinasiya. Muvi sunalire. Ndinangoona kadontho kofiira kakuzungulira, kakuchepa, kenako phu. M'mbale, m'munsi pang'ono.

Wachiwiri pafupi ndi pakati.

"Mwangozi," anatero Rudy, koma chitini anali atachiika pansi.

Wachitatu ndinaugwira nthawi yaitali. Ndinayamba kuganiza. Msana, manambala obwerera m'mbuyo, matayala. Chingwe chinachoka chokha m'zala.

Phu. Mbale inagwedezeka.

Tinapita tonse. Ndodo ya muvi inali mu udzu, kunja kwa mbale. Koma mpeni umodzi wa nsonga unali utacheka mkombero, kamng'alu kotalika ngati chikhadabo.

"Kunja," anatero Rudy.

"Yachekeka," anatero Kaisa. "M'kati."

"Mlongo wanga, muvi uli apa, mbale ili apo. Pakati pakudutsa mphepo."

"Gwape amafa ndi ndodo kapena ndi mpeni?"

"Gwape wachekedwa chonchi amapita kwawo kukadya mgonero."

A Arvo anazula kamtengo, anatenga mbale. Anaiyang'anitsa ku dzuwa. Analowetsa chikhadabo mu mng'alu. Anaipinda pakati, anaiika m'thumba la jekete. Kenako anatambasula dzanja. Ndinawapatsa uta.

Sakanatha kuupinda okha. Anauza Rudy. Rudy anaupinda, chingwe chinamasuka. A Arvo anachikulunga pa zala zawo bwinobwino, anachiika m'thumba momwe munali mbale. Mtengowo anaupereka kwa ine.

"Tengani."

"Ndi wanga, bambo?"

"Ndi wanu."

"Nanga chingwe?"

"Ndi changa."

"Uta wopanda chingwe ndiutani?"

"Muziusunga pouma, osauimika pakona. Chingwe chili kuno. Lamulungu lililonse chili kuno. Mbale zilipo zambiri."

"Ndiye m'nkhalango alowa kapena ayi?" anafunsa Rudy.

"Alowa. Azikakoka gwape wako, ngati uphe."

"Ndiye ndaluza uta, ndapeza bulu."

"Waluza chiyani? Unali wako liti?" A Arvo anatembenuka, anayamba kubwerera kunyumba.

Pobwerera, galimoto anayendetsa Kaisa. Tinadutsa mphambano, sitolo ya Mayi Dolores itatsekedwa.

"Ndapambana kapena ndalephera?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Bambo sanapatsepo munthu theka la chinthu."

"N'zabwino zimenezo?"

"Mukawafunse Lamulungu."

Uta unali pamiyendo panga, nsonga imodzi itatulukira pawindo. Popanda chingwe unali utapindikira kwina, mosiyana ndi mmene ndinauzolowerera. Ndinautembenuza kawiri, kufuna kudziwa kutsogolo kwake ndi kuti.